Tchete Apempha Chilolezo Choluka Chisa ku Mangalande

Namzeze ndi Tchete anali paubwenzi uja wopatsana moni wautali, koma mukangosiyana aliyense n'kumatsonya. Tchete ankakhala ndi mkazi wake Nachanza mumtengo wa mthethe m'mphepete mwa dambo, ndipo pa ntchito yoluka zisa panalibe womuposa. Nthenda yake inali yosirira: chilichonse cha mnzake chinkamuwalira kuposa chake. Namzeze naye anali ndi nthenda ya matama, yomwe inkakula chaka chilichonse akabwera kuchokera ku Mangalande.

Mvula yoyamba ikangogwa, Namzeze ankatera pa waya wa magetsi n'kuyamba kudandaula kuti kuno kukutentha, ngati kuti dzuwa lathu waliona koyamba. Mbalame zinkamuunjirira kuti zimve za kunja. Tchete ankakhala kutsogolo, kukamwa kuli yasa.

"Kumene kuja zinthu n'zadongosolo," anatero Namzeze tsiku lina. "Atsogoleri amakangana poyera, aliyense akumva. Chakudya chimangotayidwa. Nyumba ndiye musanene, yanga anamanga ndi agogo awo a agogo anga, mpaka pano ili chiimire. Osati timaudzu tanuti tolendewera ngati masokosi oyanika."

Mawu a masokosiwo anamulasa Tchete pamtima. Koma Nachanza anapendeketsa mutu n'kufunsa kuti, "Nanga alamu, ngati kuli bwino chonchi, chimakubwezani kuno chaka ndi chaka n'chiyani?"

"Kudzakuonani, mlamu wanga," anayankha Namzeze akukonza nthenga.

"Mayi, musatichititse manyazi," anatero Tchete. "Mafunso otani amenewo kwa munthu woyenda?"

Mvula itatha, Tchete anagwetsa chisa chake ndi mlomo wake womwe, n'kulengeza kuti ana ake adzabadwira ku Mangalande. Nachanza anamukumbutsa kuti nyengo yake yoikira mazira ikadzakwana, sadzafuna nkhani koma chisa. Tchete anaseka. "Ine kuluka chisa ndi ntchito ya tsiku limodzi. Udzu uli paliponse, mlomo ndili nawo."

Onse atatu anauluka mpaka mapiko kuchita dzanzi. Atafika anapeza kumwamba kuli bii, kamvula kakuwaza, kamphepo kakulowa mpaka m'mafupa. Namzeze anapuma mpweya wambiri n'kunena kuti, "Muli ndi mwayi, mwafika m'chilimwe."

Nyumba yotchuka ija inali kachisa kadothi komatidwa pansi pa denga la khola la ng'ombe, kong'aluka, kochita chuku. Namzeze akalowamo, mchira unkatsala panja. Iye anafotokoza kuti kumeneko nyumba ikakhala yakale ndi yodontha ndiye kuti ndi yapamwamba. Alendowo anawaonetsa msomali wotuluka pakhoma kuti azigonapo.

M'mawa anawatengera kuseri kwa malo odyera, kumene anthu amataya zotsala. Anapezako buledi wothiridwa nyemba pamwamba, ndi tchipisi zonyowa ndi viniga. Mowa umene unatsalira m'matambula unali wofunda ngati madzi osambitsira khanda.

"Nyemba m'mamawa muno?" anafunsa Nachanza. "Kodi kuli maliro?"

"Kumeneku ndiye kudya kwa anthu ozindikira," anatero Tchete, akumeza movutikira. Mumtima ankalakalaka ngumbi ndi mapira a kudambo, koma akanauza ndani?

Tsiku lomwelo Tchete anapeza mtengo waukulu, nthambi zake mbwee, zopanda chisa n'chimodzi chomwe. Anathothola udzu n'kuyamba kumanga mfundo yoyamba. Asanamange yachiwiri, panatera Njiwa wonenepa, wapampando wa komiti ya mtengowo.

"Pepani kwambiri, bambo, pepani zedi," anatero Njiwa. Kumeneko amayamba apepesa asanakupweteke. "Vuto la kusowa kwa nyumba limatiwawa tonse. Ine ndikaliganiza misozi imalengeza. Zisa zimangidwe ndithu, zambirimbiri. Koma osati panthambi iyi, mutitchingira dzuwa."

Tchete anayang'ana kumwamba. Chifikireni dzuwalo anali asanalione. "Nanga nthambi iyo?" anafunsa.

"Pamenepo pamatera mphwanga akabwera kudzacheza pa Khirisimasi."

"Nanga yakumapeto uko?"

"Imeneyo ndi nthambi ya mbiri, sitiigwiragwira. Komanso kuno sitingomanga ayi, pamafunika chilolezo. Imwani kaye tiyi." Anamukokera kapu yotayidwa momwe munatsala tiyi wozizira. Kumeneko tiyi ndi mankhwala a chilichonse: maliro tiyi, ngozi tiyi, kukukaniza malo tiyi.

Tchete anabwerera kukhola kukafunsa mnzake kuti iye chilolezo anachipeza bwanji. Namzeze anaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa m'kachisa kake. "Achimwene, kuno nyumba sumanga. Umadikira agogo ako amwalire."

Poti agogo ake a Tchete anagona kudambo, anapita ku Nyumba ya Malamulo ya mbalame, yomwe inali padenga la tchalitchi chakale. Akhwangwala anali atakhala m'mizere iwiri moyang'anizana, olamula uku, otsutsa uku. Nduna Yaikulu inaimirira n'kulonjeza kuti imanga zisa zochuluka ngati mchenga. A kumbuyo kwake anakuwa movomereza, a kutsogolo kwake anakuwa monyoza, ndipo nthawi imene tikanati dzuwa lapendeka, likanakhalapo, onse anatsetserekera limodzi kukamwa mowa wofunda uja.

Tchete anasangalala kwambiri. Anaima pamzere wa odandaula, chifukwa kumeneko mzere ndi wopatulika kuposa tchalitchi chimene anaterapocho. Koma pamene ankafika kutsogolo, Nduna Yaikulu ija anali ataichotsa, osati otsutsa ayi, koma anzake omwe ankaikuwira movomereza aja. Yatsopanoyo inamuuza kuti nkhani ya zisa anaisokoneza ndi amene analipo kale, ndipo yakhazikitsa komiti yoti ifufuze. Atabweranso kudzamva zotsatira, anapeza pampando pali khwangwala wina.

Masiku anapita, ndipo Nachanza anayamba kulemedwa. Tsiku lina anamuimitsa mwamuna wake akunyamuka kupita kumzere.

"Bambo, nthawi yakwana. Udzu ndi uwu, mlomo muli nawo, mitengo ili mbwee. Ingolukani. Chilolezocho chidzatipeza tili m'nyumba."

Apa m'pamene Tchete anaonetsa kuti anali wa ku Mangalande kuposa eni dziko. Anatukumula chifuwa n'kunena kuti, "Mayi, kuno si kumudzi. A Njiwa adzationa bwanji? Adzati akumidzi abwera ndi khalidwe lawo. Pirirani pang'ono, ndili pafupi kufika kutsogolo."

Dzira silidziwa komiti. Masana a tsiku lomwelo Nachanza anasowa kolowera, ndipo anaikira mazira ake m'ngalande ya malata yolandira madzi a padenga la khola. Anawafungatira, mapiko ali tambalale. Kenaka kamvula kaja kanakula.

Madzi anayamba kuyenda m'ngalandemo, poyamba pang'onopang'ono, kenaka mwamphamvu. Nachanza anakanirira ndi zikhadabo, anaitana mwamuna wake mpaka mawu kusasa, koma mwamunayo anali pamzere, akupepesa mbalame imene inamuponda phazi. Mazira anagubuduka limodzilimodzi n'kulowa mupaipi. Tchete atabwera anapeza mkazi wake ali chinyowere pamsomali, ndipo pansi pa paipi panali tizigoba tokhatokha.

Zinali zomvetsa chisoni, ndipo ngakhale ng'ombe za m'kholamo zinasiya kubzikula. Njiwa atamva anabwera msangamsanga. "Pepani kwambiri," anatero. "Izi zikungoonetsa kuti vuto la nyumba lakula m'dziko muno. Imwani tiyi."

Chilolezo chinatuluka masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo. Komiti inalola kuti Tchete amange panthambi ya pansi penipeni, pamene pamadutsa mphaka, koma chisacho chisakhale cha udzu ndiponso chisalendewere. Tchete anathamangira kukhola kuti akauze mnzake. Anamupeza akuwongola mapiko, maso ali kummwera.

"Kodi achimwene, ulendo wa kuti?"

"Kumudzi," anayankha Namzeze. "Chisanu chayandikira. Akuti kuno kukazizira madzi amauma gwa ngati mwala, tizilombo tonse timatha, usiku umayamba masana."

"Akuti? Inuyo simunachionepo?"

"Ine? Mukundiyesa wopusa? Ndimangomva kwa otsala, amene apulumuka."

Nachanza anangomuyang'ana mwamuna wake, ndipo Tchete anakumbukira funso lija la pa waya, limene iye anati n'lochititsa manyazi. Chilolezo anachisiya pamsomali, nauluka kutsatira Namzeze, mkazi wake ali patsogolo osacheuka.

Anafika kudambo ndi mvula yoyamba. Mthethe uja unali pomwepo, ndipo palibe amene anawafunsa pepala. Tchete analuka chisa tsiku lomwelo, chokongola kuposa zonse zimene analukapo. Nachanza analowamo, anasuzumira uku ndi uku, natuluka n'kudula mfundo yake ndi mlomo. Chisa chinagwera m'madzi.

"Mayi, chalakwika n'chiyani?" anafunsa Tchete.

"Chachedwa," anatero Nachanza.

Tchete analuka china, nachonso chinagwa. N'chifukwa chake mpaka lero mukaona mtengo wa atchete mupeza zisa zambirimbiri, mwamuna akuluka osapuma ndi osapempha aliyense, mkazi akuyendera n'kumagwetsa. Pa waya wa magetsi, Namzeze amakhala akudandaula za kutentha, ndipo mbalame zazing'ono zimamumvetsera kukamwa kuli yasa.

Phunziro: Wokutamira kwina umufunse chimene chimamuthamangitsako, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo luso limene uli nalo usalimange manja pofuna kuti eni dziko akuyamikire ulemu. Iwo adzakupatsa tiyi, koma mazira otayika ndi ako.