Mchere wa Chimtonde

Anthu atatha padziko, mbuzi zimene anasiya zinakwera phiri la Mulanje. Udzu utapsa ndi chisanu, zinayamba kudya nyama. Zidzukulu zake zinamera mano onga a fisi, ubweya woyera mbuu, ndi ziboda zogwira thanthwe ngati ulimbo. Woopsa pa zonsezo anali Chimtonde. Fungo lake lokha unkachita kugwira mphuno.

M'mawa wina Nasibeko, kambira konenepa, akuwothera dzuwa pamwala, anangomva chiboda chamupanikiza pamsana.

"Ndiwo zadzibweretsa zokha," anatero Chimtonde.

Nasibeko anachita mantha kwambiri, poti kuphanga anasiyako ana oyamwa. Komatu ankadziwa kuti mbuzi ndi mbuzi basi, ngakhale imere mano.

"Idyani ndithu, bwana. Kungoti fulumirani, mvula iyo yafika."

Chimtonde sanayang'ane n'kumwamba komwe, linali liwiro kukausa. Chilombo chonse chija, kuopa kunyowa!

Mawa lake kunazizira koopsa, ndipo anamugwiranso.

"Za mvula usandiuzenso."

"Ayi bwana, lero ndine wanu. Chikundimvetsa chisoni n'choti mundidya wopanda mchere. Makolo anu ankaunyambita m'manja mwa anthu, inu simunaulawepo."

Malovu anayamba kuchucha. "Uli kuti mcherewo?"

Anamunyamula ndi mano pakhosi, Nasibeko akulozera njira, mpaka pathanthwe lina loyera pafupi ndi phanga la mbira, lokutidwa ndi madzi oundana. Chimtonde anamuika pansi n'kumuponda, kenaka analawa ndi kansonga ka lilime. Mchere ndithu.

"Mukunyambita ngati mkamwini wamanyazi," anatero Nasibeko. "Yalani lilime lonse, mulisiye pomwepo kuti ulowerere."

Analiyala. Lilime linamatirira kuthanthwe nganganga. Kukoka, kupalasa, kulira mee ngati makolo ake, sizinathandize. M'kupalasa momwemo Nasibeko anapulumuka, nakakhala poteropo akudzikonza ubweya.

Tsono chimene Chimtonde sankadziwa n'chakuti kuyera kwa thanthwelo sikunachokere kumwamba. Mbira sizidzithandiza paliponse. Zili ndi malo amodzi, ndipo pamenepo m'pomwe fuko lonse la Nasibeko linkakodza chiyambire makolo.

Posakhalitsa ana anatuluka kuphanga, atapanikizika monga mwa m'mawa uliwonse. Mayi wawo anawabweza akugwetsa misozi ndi phwete.

"Lero mupite kuseri, ana inu. Pano alendo akudya."