Makapisozi Otsala

Panali munthu wina, mayi wosoka zovala, dzina lake Nangondo. Makina ake ankakhala pakhonde moyang'ana msewu, ndipo mwana wa sukulu akadutsa yunifolomu itang'ambika paphewa, ankamuitana n'kumusokera osafunsa kuti ndi wa kwa yani. Mwamuna wake, a Chikuse, anali wocheka matabwa. Ntchito imeneyo ndi ya miyendo. Wina amaima pamwamba pa chipika, wina m'dzenje, sowo n'kumakwera n'kumatsika mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lina, mvula itangoyamba kumene, nkhwangwa inaterereka pakhungwa lonyowa n'kuwatema a Chikuse pamsongolo. Bala silinali lalikulu. Analimanga ndi kansalu, ntchito n'kupitirira. Patatha masiku anayi mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, khungu lili nyezinyezi, ndipo bamboyo sankathanso kuponda pansi.

Amene anawathandiza anali Nachisale, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo. Sanadikire kupemphedwa. Anapita kwa mlongo wake kukabwereka ngolo, nayalamo mphasa ndi bulangete lake lomwe, loti analibe lina. Nangondo ali kuchipatala, iye anamutungira madzi, namulowetsera makina m'nyumba mvula isanawapeze.

Pachipatala chaching'ono cha kutsidya kwa mtsinje panali adokotala a imvi, otopa, mzere wa odwala utafika kumpanda. Anatsuka balalo, nafinya mafinya, kenako anatembenukira kwa Nangondo.

"Mumagwira ntchito yanji, mayi?"

"Ndimasoka."

"Ndiye mumva msanga. M'balamu muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timati mabakiteriya. Kalikonse kavala chikhoti cholimba, ndipo kamadzisokera kokha. Makapisozi ndikukupatsaniwa ndi a banja la penisilini. Iwowa amaononga msoko. Kachilombo kakati kakule, chikhoti chija phwaa, iko n'kuphulika. Koma mankhwala otere ali m'mabanja ambiri. Ena chikhoti sachikhudza n'komwe, amalowa m'kati kukathyola singano ya makina, monga dokisi ndi jentamaisini. Bakitirimu amene mumamudziwa uja amangotseka njira ya ulusi. Ndiye tizilombonso timasiyana. Amene apha aka, kwa kena amangodutsa ngati madzi. N'chifukwa chake timayamba taona kaye, kenako n'kusankha."

"Adokotala," anatero a Chikuse ali chigonere pabenchi, "ndiye m'mwendo mwangamu mwadzaza matelala? N'chifukwa chake akazi angawa makasitomala akuwasowa."

Adokotala aja anaseka, ndipo kuseka kwawo kunamutsitsa mtima Nangondo. Anatenga kaenivelopu ka mankhwala, najambulapo dzuwa likutuluka, dzuwa lili pamutu, dzuwa likulowa, ndi kamwezi. Mzere unali wautali, komabe anajambula mosathamanga.

"Kanayi pa tsiku, asanadye, masiku asanu ndi awiri. Tizilombo tambiri tifa masiku oyamba, ndiye bambowa aoneka ngati achira. Musanamizike. Tina titsala pansi, pafupi ndi fupa. Amalize onse, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri mubwere nawo ndidzaone."

Nangondo anasunga mawuwo. Kaenivelopu anakaika m'kabokosi ka ulusi, ndipo nthawi sankaiphonya. Tsiku lachiwiri kutentha kunatsika. Lachitatu kutupa kunaphwa, a Chikuse n'kuyenda okha mpaka kumunda kukaona chimanga.

M'mawa wa tsiku lachinayi, mvula itagwa masiku awiri osakata, kunamveka odi wapansipansi. Anali Nachisale. Anakhala pansi pakhonde, osati pampando, n'kumakolopola ulusi wa m'mphepete mwa chitenje chake.

"Achemwali, Ndaziona thupi ndi moto. Dzulo sanadye. Mtsinje wadzaza, ngolo singaoloke." Ndaziona anali mwana wake yekhayo, wa zaka zisanu ndi chimodzi. "Ndimati kapena aja munatenga kuchipatala aja. Poti abambo ndawaona akuyenda."

Tsono pamudzi umenewo mankhwala ankayenda nyumba ndi nyumba ngati mchere. Wochira ankasunga otsala, wodwala ankapempha, ndipo wokaniza mnzake ankatchedwa wouma mtima. Palibe ankaona cholakwika. Kapisozi anali kapisozi basi.

Nangondo analowa m'nyumba natsegula kabokosi. Makapisozi anatsala khumi ndi asanu ndi mmodzi. Mawu a adokotala sanawaiwale ayi, ankawamva onse, mpaka kamvekedwe kake. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kaenivelopu kali m'manja.

"Mupatseni, mayi," anatero a Chikuse ali pamphasa. "Ine si uyu ndachira?"

"Paja anati mumalize, bambo."

"Aaa, madokotala amangonena. Munthu anandiyalira bulangete lake, lero timumane timakapisozi? Mudzayang'anana bwanji kumjigo?"

Nangondo anaganiza zopatulako anayi okha. Koma atasuzumira pakhomo anaona mapazi a Nachisale ali matope mpaka m'akakolo, ndipo anazindikira kuti mayiyo anali atapita kale kumtsinje kukayesa kuoloka, mwana ali kumbuyo. Anatuluka, nagwada, napereka kaenivelopu konse ndi manja awiri.

"Mulungu akudalitseni, achemwali," anatero Nachisale, misozi ili m'maso.

Kwa masiku awiri Nachisale anatsegula makapisozi n'kumathira m'phala la mwana. Thupi silinazizire. Madzi ataphwa anamubereka n'kuoloka naye, ndipo pobwerako anadzera pakhonde paja, nkhope ili yowala.

"Anali malungo, achemwali! Amuyeza magazi, amupatsa ake a malungo, pano akupempha chinangwa. Akuti aja munandipatsa aja malungo sawadziwa n'komwe. Anesi andikalipira, andilanda otsala n'kutaya. Komabe inu munandichitira chifundo, sindidzaiwala."

Nangondo anamwetulira, nati tithokoze Mulungu. Mnzakeyo atapita, anakhala pamakina osapalasa.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri linafika, koma kuchipatala sanapite. Akanakanena chiyani kwa munthu amene anamujambulira dzuwa ndi mwezi? Komanso bala linali litatseka pamwamba, louma bwinobwino. A Chikuse anabwerera kumatabwa.

Patatha sabata ndi theka anayamba kudandaula kuti m'kati mwa mwendo muli chinthu chikukukuta. Kenako bala lija linatseguka lokha. Nangondo anadziwa chochita, koma manyazi anamugwira miyendo. M'malo mooloka mtsinje anapita kugolosale, kumene ankagulitsa makapisozi ofiira ndi achikasu, mmodzimmodzi, kuchokera m'botolo lopanda dzina. Sanadziwe kuti ndi a banja liti. Wogulitsayo nayenso sankadziwa. Ena anawamwetsa bamboyo, ena anawatsegula n'kuwaza ufa wake pabala, monga ankachitira anthu onse.

Inatha sabata ina. M'nyumba munayamba fungo loti ngakhale atsegule zenera silinkachoka. A Chikuse ankanjenjemera dzuwa lili pamutu, ndipo tsiku lina masana anayamba kucheza ndi mkulu wawo amene anamwalira kalekale. Nachisale anathamangiranso ngolo.

Adokotala a imvi aja anamasula nsalu, nayang'ana balalo. Kenako anafunsa funso limodzi.

"Anamaliza?"

Nangondo anafotokoza zonse, za mtsinje, za mwana, za kugolosale. Ankadikira kukalipiridwa, mwinanso ankakufuna. Koma adokotala aja anangomukokera mpando wawo kuti akhale, nalemba kalata, naimbira ambulansi pafoni yawoyawo.

Kuchipatala cha paboma anawaika diripi. Anawabaya jakisoni wa banja lomwelija la penisilini, wamphamvu kuposa makapisozi. Thupi silinazizire. Anaonjezera wothyola singano uja, koma sizinasinthe. Anajambula mwendo, natenga mafinya kukawayeza, ndipo patatha masiku atatu dokotala wachitsikana anamuitanira Nangondo pambali.

"Amayi, tizilombo talowa m'fupa, tayambanso kulowa m'magazi. Ndipo timene tatipezati n'tosamva. Penisilini ndi abale ake sakutitha. Totere tachuluka masiku ano, chifukwa anthu akumwa makapisozi awiri lero, mmodzi mwezi wamawa. Tofooka timafa, tolimba n'kutsala n'kumaswana. Mankhwala amene angatithe alipo, taitanitsa kumzinda. Koma phazi lija mwaliona."

Analiona. Zala zinali zitada, ndipo kudako kunkakwera.

"Tikadikira, titaya munthu. Tikadula m'munsi mwa bondo, mankhwala aja akafika adzakhala ndi womupulumutsa."

A Chikuse sankazindikira kanthu, choncho pepala analipereka kwa Nangondo. Analemba dzina lake bwinobwino, chilembo ndi chilembo, ndi dzanja lomwe lija linapereka kaenivelopu.

Pamene anawalowetsa kuchipinda cha opareshoni, iye anakakhala panja, pansi pa khoma. Mayi wina wodikirira wodwala wake, wochokera dera lina, woti sankadziwana n'komwe, anabwera nakhala pambali pake. Sanafunse kanthu. Anasenda nthochi imodzi, naigawa pakati, namupatsa mbali yaikulu. Anakhala choncho mpaka chitseko chinatseguka.

Mankhwala a kumzinda anafika, ndipo anagwira ntchito. Kutentha kunatsika. Tsiku lina chakumasana a Chikuse anatsegula maso, namuzindikira mkazi wawo, koma mutu unali usanabwerere bwino, ndipo panalibe amene anali atawauza za mwendo.

"Mayi," anatero ndi mawu ofooka, "tandikandani kuphaziku. Pakati pa zala pakuyabwa."

Nangondo anayang'ana kumiyendo kwa bedi. Mbali imodzi bulangete linali lotukuka, mbali inayo linagona lathyathyathya pamatiresi. Anesi amene ankadutsa anaima, natsegula pakamwa, koma Nangondo anawapukusira mutu pang'ono. Anatambasula dzanja, naliika pamene phazi likanakhala, nayamba kukanda bulangetelo pang'onopang'ono.

"Eya, pomwepo," anatero a Chikuse. "Muli ndi dzanja labwino inu."

Ndipo anagonanso.

Amayi anzanga, musamuweruze Nangondo. Mtima wake unali wabwino, mwina kuposa wa ambiri a ife. Koma chimene anapereka sichinali chake choti n'kugawa. Mankhwala opha tizilombo amalembedwera munthu mmodzi, matenda amodzi, masiku ake owerengeka. Amene akuoneka ngati otsala, wodwala asanamalize, si otsala ayi, ntchito yawo ikadalipo. Kwa mwana uja sanachite kanthu. Kwa bambo uja anali mwendo.

Tsiku lina wina adzakhala pakhonde panu, munthu amene anakuchitiranipo zabwino, ndipo adzapempha ndi mawu apansipansi. Kukana kudzakuwawani pakamwa. Kanani ndithu, mofatsa, kenako mangani chitenje mum'perekeze kumene angayezedwe, mumuthandize kubereka mwanayo. Ndipo ngati mwalakwitsa kale, bwererani kuchipatala lero lomwe mukanene zoona. Akakukalipirani, zikomo, pofika Lamulungu mudzakhala mutaiwala. Mwendo sumeranso.