Chikalata cha Kalilu

Kalilu ankasoka ukonde pakhonde pake kwa Kanyenda pamene anamva kuti Nasra, mkazi amene anasiyana naye, akusamukira ku Rumphi ndi mwamuna wake watsopano. Mariam, mwana wawo wa zaka zisanu, ankapita nawo.

Analowa m'nyumba n'kutulutsa chikalata cha kukhoti chimene ankasunga m'jumbo. Chinkanena kuti mwana azikhala ndi amake, koma sukulu ikatsekera aziona bambo ake.

Nasra sanakane. Holide itafika, anaimba foni. "Bambo a Mariam, ulendowu ndi wautali, ndipo mwanayu amasanza m'basi. Bwerani mudzamuone kuno. Akakulako ndizimubweretsa."

"Ine ndikaodire pakhomo pa mwamuna mnzanga?" anatero Kalilu. "Pepala likuti aziona bambo ake. Bambo akewo ali ku Nkhotakota."

Mlongo wake wamkulu, mayi wolera ana asanu, anamuuza mosapsatira. "Achimwene, mwana sawerenga zidindo. Mangani usipa, kwerani basi, mukamukhazike pamiyendo."

"Achemwali, za malamulo zisiyeni. Inu takayanikani nsomba."

Amuna ena akauma mutu, bola chitsa, chimazuka. Zaka ziwiri zinatha Kalilu akupondaponda kukhoti. Foni sankaimba, ati mwina angayankhe ndi mwamunayo. Ife amene tinabereka tikudziwa kuti zaka ziwiri kwa mwana ndi mtunda. Mano amaguluka, ena n'kumera, ndipo nkhope imene sakuiona imafufutika ngati phazi pamchenga.

Pomaliza anapatsidwa chikalata china, cholamula kuti akatenge mwanayo kwa masabata awiri. Apa ndiye basi anaikwera. Sanatenge usipa, ngakhale kadiresi. Anatenga wapolisi.

Mariam ankasewera phada pabwalo. Anaona yunifomu, anaona amake akulira, kenako bambo wachilendo akumugwira padzanja. Anamatira kuchitenje cha amake mpaka Kalilu anachita kumumatula chala chimodzichimodzi.

Kwa Kanyenda anamuphikira mpunga wa kilombero ndi chambo. Sanalawe. Chichewa chinali chitayamba kumuthawa, ndipo mawu ake anali amodzi, a Chitumbuka: "Nkhukhumba amama." Ankafuna amake basi. Kalilu akatulukira pakhomo, mwanayo ankabisala kuseri kwa thumba la mpunga. Anayambanso kukodza pamphasa, zimene anasiya kalekale.

"Mariam, ndine ababa ako!" Kalilu ankakuwa, chikalata chili m'manja.

"Musamukuwire," anatero mlongo wake. "Mwabwera ndi thupi. Mwanayo watsala ku Rumphi."

Tsiku lachisanu mwana anatentha thupi, ndipo mlongoyo anamubereka kumsana n'kumubwezera yekha kwa amake.

Nkhani itabwereranso kukhoti, mayi woona za ana anamufunsa Mariam pambali ngati akuwadziwa bambo amene akhala pabenchiwo.

"Eya," anayankha. "Ndi aja anabweretsa apolisi."

Khoti linasintha chigamulo. Tsopano Kalilu amaloledwa kumuona ku Rumphi konko, ola limodzi, mu ofesi, pamaso pa munthu wina. Ulendo umene ankaukana uja akuuyenda, usipa uli m'manja. Koma Mariam amakhala choyang'ana kukhoma mpaka ola litakwana.

Ufulu anali nawo, palibe amene anamutsutsa. Koma mtima wa mwana ndi mbiya yaiwisi, sugwiridwa ndi chibakera. Akuluakulu sananame: fupa lokakamiza limaswa mphika.