Osbert wa ku Merdale ndi Kasupe wa pa Phiri

Kalelo, dziko la Mangalande lili m'manja mwa nduna zokhala m'malinga a miyala, chigwa cha Merdale chinkalamulidwa ndi banja la Aldred, amene akuluakulu amati anafika kumeneko ndi akavalo asanu ndi awiri okha. Aldred anabala Ranulf, Ranulf anabala Osbert ndi mng'ono wake Hamon, ndipo Osbert ndiye analowa m'malo mwa atate ake, nakwatira Hawise, mwana wa nduna ya tsidya la mtsinje.

Osbert anali munthu wamtima wapachala. Chaka china mfumu ya dziko lonselo inalanda nkhalango ya Merdale, niletsa uzimba, ndipo Hamon atapha gwape mmenemo, asilikali anamukolowola maso. Osbert anathyola lupanga limene analumbirira nalo pamaso pa mfumu, nabweza zidutswa zake kulikulu. Nduna zina zitatu zinapangana naye, ndipo kwa zaka ziwiri anagonjetsa asilikali a mfumu paliponse pamene anakumana nawo. Koma kupambanako kunamuledzeretsa: anatentha mudzi wina wosalakwa chifukwa chokana kumutsekulira chipata, ndipo anzake aja, poona phulusalo, anamutaya nabwerera kwa mfumu. Mfumu inalamula kuti Osbert akadzapezekanso m'dzikomo adzadulidwe mutu.

Anathawira ku Falansa yekha, pakuti Hawise anakana kusiya mlamu wake wakhungu popanda womutsogolera. Zaka khumi ndi chimodzi Osbert anakhala m'tauni ya padoko, ndipo ngalawa ikafika kuchokera kwawo ankatsikira kugombe, n'kumafunsa amalonda ngati mtsinje wa Merdale unasefukira chaka chimenecho, ngati mitengo ya maapozi ya kuseri kwa linga ikubalabe. Ambiri sankachidziwa n'komwe chigwacho. Iye ankangopisa dzanja m'mitolo yawo ya ubweya wa nkhosa, n'kununkhiza, n'kubwerera osagula kanthu.

Tsiku lina wamalonda wina anamuuza kuti Hawise ali gone, matenda akula, ndipo sakuleka kutchula dzina lake. Osbert anakwera ngalawa tsiku lomwelo, akudziwa bwino chimene chikumudikira. Atatsika ngalawa anayenda wapansi masiku asanu ndi anayi, koma asilikali anamugwira pamwamba pa phiri loyang'ana Merdale, madenga a kwawo akuwaona. Anapempha kuti amulole kutsika akaone mkazi wake, iwo anakana. Ali m'kati mokambirana, belu la tchalitchi linayamba kulira m'chigwamo pang'onopang'ono, monga limalirira pa maliro, ndipo Osbert sanapemphenso.

"Musandimange kumaso," anatero kwa mkulu wa asilikali. "Nditembenuzeni ndiyang'ane kwathu."

Anamuchitira zimenezo. Pamene mutu wake unagwera panatumphuka kasupe, ndipo ngakhale malowo anapendekera kwina, madzi ake anakwera chitunda, natsikira ku Merdale, nakadutsa pafupi ndi manda a Hawise. Hamon anawalondola ndi makutu mpaka pamwamba, naika mkulu wake pomwepo.

Lero linga lija linagumuka, ndipo m'kati mwake mumagona nkhosa. Kasupeyo sanaphwepo ngakhale m'zaka za chilala, ndipo zidzukulu za Avice, mwana yekhayo wa Osbert, zikakwera phirilo zimamwa madzi ake nkhope zitaloza kuchigwa.