Kalijosolo Wodzola Phulusa

Pakhomo pa a Cassimiro, m'mudzi wina wa kumtunda kwa Lifidzi, panali kopo imodzi yagalasi imene munthu sankamweramo madzi. Inkakhala m'dengu la zovala, yokulungidwa m'kansalu ngati chikho cha pa guwa, ndipo ntchito yake inali yovundikira tizilombo. A Cassimiro ali mnyamata adatumikirako padiri wina wa ku mishoni amene, kunena mosabisa, ankatchera khutu kulira kwa tizilombo kuposa machimo a akhristu. Padiriyo pobwerera kwawo adawasiyira kopoyo, kagalasi kokuzira zinthu kamene ankakatcha lupa, ndi nthenda yosachiritsika yofuna kupatsa dzina chilichonse chodumpha.

Ife amene tidanunkhizako sukulu n'kulekezera pa kwarta, kalasi yachinayi, timadziwana. Nzeru zathu zimakwana m'supuni, koma timaziyendetsa pa ngolo ya ng'ombe kuti mudzi wonse uzimve kugubuduka.

Anthu a m'mudzimo ankagawa tizilombo mosavuta: nkhululu ndi ndiwo, bololo ndi mdani wa dimba, kalijosolo ndi wosokosera chabe. A Cassimiro ankayambira pamene enawo alekezera. Mtima wawo udali pa akalijosolo ang'onoang'ono, osaposa nyemba imodzi, amene thupi lawo lonse limakutidwa ndi timamba tofewa ngati ufa wa pa mapiko a gulugufe. Ankakuuza kuti wamwamuna ali ndi timapiko tatifupi tobisala pansi pa chishango cha pakhosi, pamene wamkazi alibe mapiko koma ali ndi singano kumbuyo yoikira mazira. Ankakuuzanso, ngakhale usadafunse, kuti kuderalo kuli mitundu iwiri. Wa m'ming'alu ya miyala ya kuphiri ndi wotuwa, wa timadontho ngati nkhanga. Wa m'masamba ouma a nthochi ndi wofiirira, wokhala ndi lamba woyera pamsana.

"Koma ukawagwira ndi zala," ankatero, "mamba amatsala m'manja, ndipo onse amasanduka adazi ofanana, ngati akuluakulu a mpingo atavula zipewa. N'chifukwa chake padiri ankati: manja kumbuyo, maso kutsogolo. Vundikira, dikira."

"Nanga amenewa adzathiridwa mchere liti?" ankafunsa akazi awo, a Genoveva, akupeta mphale.

"Amenewa sadyedwa, mayi a Fernanda. Amadziwidwa."

"Ehe. Tidzadya kudziwako."

Nkhondo itakwera mpaka ku Angonia, nkhokwe zidasiya ntchito, pakuti nkhokwe yodzaza inali kuitana alendo amfuti. Aliyense adayamba kubisa zake kumene mtima wake wakhulupirira. Chimene munthu ankabisa mosamala kuposa zonse chinali mbewu. Nyemba ankazipukusa m'phulusa kuti anankafumbwe asazibowole, n'kuzithira m'thumba, n'kukazisiya kutchire mpaka mvula. Nyemba za banja limeneli zinali zofiira zamawanga, zochokera kwa malemu mayi awo a Cassimiro, ndipo mlongo wawo Estele, amene adakwatiwa pomwepo kuseri kwa khola, anali ndi mbewu yomweyo. Matumba awonso anali ofanana, akale a feteleza, ogulidwa tsiku limodzi.

Mwamuna wa Estele, a Valentim, anali mkamwini wochokera cha ku Fonte Boa, munthu wanthabwala amene anzake ambiri atathawira ku Malawi iye adakana. Ankati sangasiye nthochi zake kukadyera pamzere ku msasa wa othawa nkhondo.

A Cassimiro adakabisa thumba lawo mumng'alu wa mwala kuphiri, tsiku limene mfuti zinkalira kutsidya kwa dambo. Adalikankhiramo, n'kutseka ndi udzu, n'kutsika phiri liwiro la mtondo wadooka. Dzuwa la Okutobala litayamba kuwotcha, adakwera kukaliona. Adapisa dzanja mumng'alu, adapisa ndodo, adasuzumira. Munali mbee.

Potsika, njira idawadutsitsa pakhomo pa mlongo wawo. Pakhonde panali a Valentim, atakhala pa mpando wachikumba, akumasula thumba la feteleza lodzaza nyemba zofiira zamawanga.

"Alamu, thumbali mwalitenga kuti?"

"Mwaswera bwanji kaye, alamu? Kapena moni nayenso wathawira ku Dedza?"

"Ndafunsa thumba."

"M'nthochi mwangamu, kuseriku. Ndimati ndione ngati anankafumbwe sadakhazikitsemo boma lawo."

Nthawi yomweyo m'khwinya la pakamwa pa thumba mudatumpha kanthu kotuwa n'kutera pa mwendo wa mpando. Apa ndi pamene munthu wodziwa amaika manja kumbuyo. A Cassimiro adakambwandira ngati mphaka waona mbewa, n'kukakweza m'mwamba pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mawu awo adakwera, ndipo anthu amene ankapita kudambo adatula makasu n'kuyandikira.

"Bwerani muone! Kalijosolo wa mamba uyu, wotuwa. Onani ufa wake wotuwa pa zala pangapa. Wotuwa sakhala m'nthochi, amakhala m'miyala ya kuphiri. Wa m'nthochi ndi wofiirira wa lamba woyera. Thumbali lachokera kuphiri, mumng'alu mwanga!"

A Genoveva, amene adafika ndi mtsuko pamutu, adayankhula chapansipansi. "Bambo a Fernanda, kopo ija ili m'dengu. Ndikatenge? Mwina mulinso wina m'thumbamo, mumuone bwino."

"Kopo n'ja ongoyamba kumene. Ine maso angawa ndi lupa kale."

A Valentim adayang'ana kachilomboko, kamene tsopano kanali kadazi, mwendo umodzi utathothoka.

"Ndiye mboni yanu ndi imeneyi, alamu? Ilumbire kaye. Ikweze dzanja, ngati mwaisiyirako."

Anthu adaseka. Kukadakhala kuti a Cassimiro adaseka nawo, nkhani ikadathera pomwepo, ndipo ine sindikadaimva. Koma munthu wa supuni imodzi ya nzeru amalola kumuponda chala, osati kumuseka pa chimene amadziwa.

"Sekani. Koma mudzi uno ukusunga wakuba."

Kuseka kudazima ngati mwathira madzi pa moto. Masiku amenewo dzina la wakuba silinkathera pabwalo. Linkayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kukafika kwa anthu amene ankaweruza milandu ndi chala chimodzi pa mfuti.

Estele adatuluka m'nyumba manja ali ufa. "Achimwene, nyembazi ndidapeta ndine. Phulusa lake ndidapala pa moto wangawu."

"Iwe khala chete. Mwamuna akaba, wopeta amakhala mkazi."

A Valentim adamanga thumba lija bwinobwino, mfundo ziwiri, n'kulikankhira pa mapazi a mlamu wawo.

"Tengani. Mkamwini sapambana mlandu pa mudzi wa eni, kaya wotsutsana naye ndi munthu kaya ndi chiwala."

M'mawa mwake chitseko cha nyumba ya a Valentim chidapezeka chomangidwa ndi luzi kunja. Adanyamula ana, mphika ndi mabulangete, n'kulowera njira ya kumalire ku Kalomwe. Nthochi zimene mfuti zidalephera kuwalekanitsa nazo adazisiya chifukwa cha liwu limodzi. A Cassimiro adaika thumbalo pakona, ndipo kwa masabata angapo ankayenda m'mudzi chifuwa patsogolo, akufotokozera aliyense kusiyana kwa wotuwa ndi wofiirira. Anthu ankangoti, "Inde, a pulofesolo," n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito kwina.

Kenaka idagwa chizimalupsa, mvula ija yoyamba imene imangozimitsa lupsa koma si yobzalira. Patapita masiku, a Genoveva adabwera kuchokera kotola nkhuni kuphiri opanda mtolo. Adaima pakhomo manja m'chiuno.

"Bambo a Fernanda, valani nsapato mukaone chozizwitsa. Ndi bwino muuze ndi akhristu anzanu. Mwala wamera nyemba."

Adakwera onse awiri. Kumtunda pang'ono kwa mng'alu umene a Cassimiro adapisamo ndodo kunali mng'alu wina, wa pakamwa pofanana, ndi chitsamba chofanana pambali. M'menemo munkasuzumira timitu ta nyemba totumbululuka, tapinda makosi kufunafuna dzuwa. Madzi adatsetserekera mumng'alumo n'kunyowetsa thumba lonse. Zapamwamba zidamera, zapansi zidaola, fungo lake lothamangitsa ndi galu yemwe. Pa thumbapo, m'malo ouma, panali akalijosolo enieni a kuphiri, otuwa, a timadontho, atakhala phee ngati akulondera katundu wa bwana wawo.

"Mboni zanu izi," adatero a Genoveva. "Nthawi yonseyi zimakudikirani kuno."

A Cassimiro adatsika, natulutsa kopo m'dengu, n'kupita kuseri kwa nyumba yomangidwa luzi ija. Pakati pa tsinde la nthochi adapeza kadzenje koyalidwa masamba ouma, chizindikiro cha thumba chikuonekabe, ndi phulusa lotayikira pansi pa masamba pamene mvula sidafike. Adavundukula tsamba limodzi. Kalijosolo adatumpha, nagwera m'phulusamo, natuluka ali mbuu, wotuwa ngati wa kuphiri. A Cassimiro adavundikira ndi kopo, naika manja kumbuyo, nagwada.

Kachilomboko kadayamba kusamba monga amachitira onse. Kadakoka kanyanga kamodzi n'kukadutsitsa pakamwa, kenaka kena. Kadapukuta mutu ndi miyendo yakutsogolo, n'kupalasa msana ndi yakumbuyo. Phulusa lidayoyoka. Msana udafiira, ndipo pakati pake padatuluka lamba woyera, woonekera ngakhale popanda lupa. Nthawi yonse imene kachilomboko kadafuna kuti kanene zoona inali yochepa kuposa yosutira ndudu imodzi ya chingambwe.

"Cassimiro mwana wa mayi," adadziuza okha mokweza, "padiri adakusiyira kopo, koma mutu adapita nawo."

Adasenza thumba la eni ake n'kuyamba ulendo, kulambalala msewu, kudzera m'tinjira ta m'mapiri timene anthu othawa adapondaponda. Ku Kalomwe anyamata onyamula katundu panjinga adawazungulira kuti awanyamulire. Adakana. Adati katundu ameneyu ndi chilango, ndipo chilango sachikweza panjinga.

Kutsidya kwa malire, ku Dedza, adafunsa msasa ndi msasa mpaka adawapeza. Kanyumba kake kanali ka udzu, kopanikizana ndi tinzake moti woyetsemula m'nyumba imodzi ankayankhidwa m'nyumba yachitatu. Estele atawaona adagwira pakamwa. A Valentim anali pansi, akusoka nsapato yatayala, ndipo sadaimirire.

A Cassimiro adatula thumba, navula chipewa, nagwada pa fumbi.

"Alamu, ndabweza nyemba zanu. Zanga ndazipeza, zamera mumwala. Wakuba m'mudzi muja analipo ndithu, koma ndi amene wagwada panoyu."

"Nanga mboni ija?"

"Inadzola phulusa."

"Ha! Mboni yonama. Mwaimanga?"

"Ndidaipha tsiku lomwelo, isadayankhule."

A Valentim adayesa kuumitsa nkhope, koma mapewa adawapereka. Adaseka mpaka kutsokomola, Estele akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Atapuma adaloza ndi singano yawo yosokera kuzungulira msasawo, nyumba kugundana ndi nyumba, popanda ndi pobzala tsabola pomwe.

"Mwachita bwino, alamu. Koma tandiuzani, inu odziwa zinthu: ndibzale pati? Padenga?"



Kubwerera nalo thumbalo a Cassimiro sakadatha, pakuti a Valentim adati mbewu imene yatchulidwapo dzina la wakuba iwo sangaibwezere kumudzi umene udamva dzinalo, ndipo a Cassimiro manyazi sadawalole kupemphako. Estele adatapa zodzaza manja awiri n'kumanga pa nsonga ya chitenje, kuti mbewu ya mayi awo isafe. Zotsalazo adatsuka phulusa n'kuziphika, ndipo ana amene adatopa ndi nandolo wa pamzere adanyambita mbale. A Valentim, popereka mbale kwa mlamu wawo, adaivundikira ndi mbale ina.

"Musafulumire, alamu. Manja kumbuyo. Dikirani muone ngati ndi nyemba."

Chaka chimenecho m'munda mwa a Cassimiro simudamere nyemba ngakhale imodzi. Nkhondo itatha, a Valentim adabwerera ku Mozambique, koma adakamanga kwawo ku Fonte Boa, ndipo Estele adapita nawo. Chibale chidalumikizika, ankayenderana pa maliro ndi pa ubatizo, koma nyumba ya kuseri kwa khola idagwa yokha, nthochi zija n'kusanduka za aliyense. Mbewu yofiira yamawanga idabwerera pakhomo pa a Cassimiro patapita zaka, m'kansalu, ngati mphatso yochokera kwa mlongo amene adamuuza kuti akhale chete.

M'mudzimo dzina loti Cassimiro lidaiwalika. Ana ndi akulu omwe ankawatcha a Kalijosolo, ndipo iwo ankavomera. Mlendo akafunsa chiyambi cha dzinalo, ankatulutsa kopo ija, n'kuiika pa mphasa chozondotsa, n'kunena kuti kachilombo kosaposa nyemba kadawaposa nzeru, chifukwa iko kadadziwa kuti usadaweruzidwe uyambe wasamba. A Genoveva ankawonjezera kuchokera kukhitchini kuti kopoyo tsopano amamweramo madzi, popeza yaphunzitsa kale amene inkafuna kumuphunzitsa.

Kudziwa a Cassimiro adadziwa, ndipo zonse zimene adanena za wotuwa ndi wofiirira zinali zoona. Chidawasowa ndi kamphindi koika manja kumbuyo. Akale sadaname: kuona maso a nkhono n'kudekha.