Munda wotembereredwa wa Nachisale

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nachisale, agogo awo a agogo anga. Anali wamfupi, koma liuma lake linali losasimbika.

Mwamuna wake atamwalira, mlamu wake Chimtengo anafuna kumulowa chokolo. Nachisale anakana. Anakana kuseri, anakana pabwalo, anakana pamaso pa ankhoswe.

Chimtengo anapsa mtima. Anapita kumunda kwa mayiyo dzuwa likuswa mtengo, nakwirira nsupa pachulu, anthu akuona. "Aliyense wodya za m'munda uno adzatupa mimba mpaka kufa," anatero.

Munda unali womwewo, ana anali anayi. Mukanakhala inu, mukanatani?

Achibale anamuchonderera. "Pitani mukagwade, alamu anu alavule madzi pansi, temberero lichoke." Mwambo wake unali umenewo: wotemberera yekha ndiye amamasula.

"Ndikagwade ndalakwanji?" anayankha Nachisale. "Maondo angawa ndimagwadira pamphero, osati kwa Chimtengo."

Anafulula mowa wa dima kuti anthu adzamuthandize kulima, koma sipanabwere ndi mmodzi yemwe. Analima yekha, anabzala yekha, anapalira yekha. Chimanga chitakhwima anathyola chimodzi, naotcha, nadya yekha, ana atawamana. Musamayese kuti sankaopa. Ankaopa kwambiri, masiku atatu akungodzigwiragwira pamimba. Tsiku lachinayi, ataona kuti mimba sinatupe, anawaotcherako ana.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga, njala inavuta. Anthu ankaberana chimanga chachiwisi m'minda, mbale kubera mbale. Munda wa Chimtengo anaukolola akuba, kutsala mapesi okhaokha. Nanga wa Nachisale? Ndani akanaba za m'munda wotupitsa mimba? Nkhokwe yake inadzaza mpaka pakamwa.

Tsiku lina Chimtengo anatulukira pakhomo ataonda ngati bango, chikho cha madzi chili m'manja.

"Mlamu, ndabwera kudzalavula madzi. Temberero lija lithe, mundigawireko kachimanga."

Nachisale anamudzazira lichero. "Chimanga tengani, ana anu sanandilakwire. Koma madziwo mezani, alamu. Temberero lanulo lisiyeni pomwepo, likundilondera munda."

Chimtengo anameza madzi aja, nasenza chimanga chomwe anachitemberera yekha, nakadya ndi banja lake.

N'chifukwa chake ife a mbumba ya Nachisale sitigwadira munthu chifukwa choti watiloza chala. Ukalakwa, pepesa msanga. Koma ngati sunalakwe, tenga khasu lako uzipita kumunda.