Chifukwa Chake Njiri Imadya Chogwada

Kalekale, kale lenileni, nyama zinali ndi sukulu pansi pa mkuyu. Aphunzitsi anali a Nang'omba. Lamulo lawo linali limodzi: mwana alembe dzina lake pamchenga, ndiye alandire phala.

Tsono panali mayi Njiri, mayi wamatama. Mwana wawo anali Ndaona.

Ndaona akagwira kamtengo, zilembo zinkatuluka zokhota. Zina zogona, zina zoyang'ana kumbuyo. Mayi Njiri manyazi!

"Iwe, ili ndi dzina kapena nyongolotsi?" Basi, n'kufufuta ndi phazi.

Mwana alemba, mayi afufuta. Mwana alemba, mayi afufuta. Mapeto ake Ndaona anataya kamtengo.

Mnzawo, mayi Nkhanga, anati, "Musiyeni mwanayo, anzanga. Wanganso amangopalasapalasa, koma ndimamuombera m'manja."

"Zanu izo. Ife kwathu sitilemba zonyansa."

M'mawa mayi Njiri analawirira kusukulu. Anamulembera mwana dzina pamchenga, zilembo zoongoka bwino, iwo n'kukabisala kuseri kwa mkuyu.

A Nang'omba anafika, anayang'ana, anapendeketsa mutu.

"Ndaona, walemba ndani apa?"

Ana sasunga chinsinsi, paja mukudziwa. "Amayi. Ali kuseri uko."

"Chabwino. Phala ndi la amene walemba. Mayi, tulukani!"

"Ine? Inetu ndine wamkulu!"

"Mwalemba nokha kuti ndinu Ndaona. Gwadani apa ndi ana anzanu, mudye."

Kalanga ine! Mayi wathunthu kugwada pakati pa tiana, mphuno m'mbale. Ana kuseka mpaka kugubuduka. Ndaona ali poteropo, m'mimba muli kulira, misozi mbwembwembwe. Mayi ake atamuona, chisoni chinawagwira.

Njala itamupweteka, Ndaona anatola kamtengo. Analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja. Zokhota zomwe zija! Phazi la mayi linayabwa kuti lifufute, koma ufufuta bwanji utagwada?

Mwana anamaliza.

"Eyaa! Ndaona weniweni ndi ameneyu," anatero a Nang'omba. "Mpatseni phala, mudzaze mbale."

Mayi Njiri anayesa kudzuka, koma maondo anali atauma. Mpaka lero njiri ikamadya imagwada, kaoneni nokha kutchire.

Ndiye inu, mwana akamalemba dzina lake mokhotakhota, gwirani phazi lanulo. Dzinalo ndi lake, muombereni m'manja.

Yanga nthano yathera pomwepo.